Mishkín-Qalam, Mmisiri wa Cholembera cha Bango

M'nyumba zambiri za Abahá'í ndi m'malo amene timasonkhana mumakhala zilembo za Chiarabu zopachikidwa pamwamba pakhoma. Timazitcha Dzina Lopambana. Ambiri a ife sititha kuwerenga Chiarabu, komabe tikangoziona timazizindikira. Mawu ake ndi akuti Yá Bahá'u'l-Abhá, kutanthauza kuti Inu Ulemerero wa Maulemerero. Zilembo zimenezi zili ndi mwini dzanja. Panali munthu amene anakhala pansi, nasema bango, naliviika mu inki, n'kulemba kambirimbiri kufikira mizere yake itaima mmene tikuionera lero. Munthuyo ndi Mishkín-Qalam. Ulendo uno tiwerenga za moyo wake, makamaka mmene ankagwirira ntchito yake ndi zimene zinali mumtima mwake pamene ankalemba.

Dzina lake ndi mbiri yake

Anabadwa m'chaka cha 1826 mumzinda wa Shíráz ku Persia, dziko limene lero likutchedwa Iran. Dzina lake linali Mírzá Husayn, ndipo popeza ankakhala ku Isfahán, anthu ankamutchula kuti Mírzá Husayn-i-Isfahání.

Ku Persia kulemba mokongola kunali luso lolemekezeka kuposa maluso ambiri. M'mizikiti simunkajambulidwa nkhope za anthu, choncho makoma ankawakongoletsa ndi mawu a m'Qur'án. Mabuku a ndakatulo ankakoperedwa pamanja, ndipo anthu achuma ankalipira ndalama zambiri kuti apeze tsamba limodzi lokha la katswiri wodziwika. M'dziko lotere Mírzá Husayn anakwera kufika pamwamba penipeni. Nduna za boma ku Tihrán zinkamudziwa ndi kumulemekeza, ndipo mfumu ya dzikolo, Násiri'd-Dín Sháh, ndiyo inamupatsa dzina laulemu lakuti Mishkín-Qalam. Qalam ndi cholembera. Mishkín likuchokera ku musk, mafuta akuda onunkhira kwambiri amene amatengedwa ku nyama ina yonga gwape. Motero dzinali limamveka pawiri: cholembera chonunkhira, kapena cholembera chakuda bii.

Analinso wodziwa za nyenyezi, ndiponso anali wa gulu la Asufi lotchedwa Ni'matu'lláhí, Asilamu amene amafunafuna Mulungu mwa kusinkhasinkha ndi kubwerezabwereza maina Ake. Tisunge mfundo imeneyi, tiifunanso kutsogoloku.

Mmene ntchitoyi inkagwiridwira

Tisanapitirire ndi ulendo wake, tiyeni tione kaye zimene mmisiri wotere ankachita tsiku ndi tsiku, kuopa kuti tingaganize kuti kunali kungobadwa ndi dzanja labwino basi.

Cholembera chinali bango louma, m'bale wake wa bango lomwe timalukira mphasa. Mmisiri ankalisema yekha ndi kampeni kakuthwa, n'kuling'amba pang'ono kunsonga kuti inki izitsika bwino, kenako n'kudula nsongayo mopendeketsa. Kupendekako n'kumene kumachititsa kuti mzere umodzi uyambe wonenepa n'kukathera wowonda ngati tsitsi, dzanja lisananyamuke papepala. Inki ankaipanga ndi mwaye wa nyale, utomoni wa mtengo ndi madzi, n'kuitakasa kwa nthawi yaitali mpaka itasalala. M'kabotolo ka inki ankaikamo timaulusi ta silika kuti bango lisatunge yambiri n'kudonthezera. Pepala nalo ankalipaka kaphala kamadzimadzi, likauma n'kulikulungiza ndi mwala wosalala, monga amachitira amayi oumba mbiya, kuti bango liziterera popanda kukodwa. Zonsezi zinkachitika asanalembe ngakhale chilembo chimodzi.

Zilembo za Chiarabu ndi Chiperisi zimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo chilichonse chili ndi muyeso wake. Muyesowo ndi kadontho kamene nsonga ya bango imasiya ikangogunda pepala: chilembo chakuti chitalike madontho angapo, mimba ya chinacho itambasuke madontho angapo. Wophunzira ankakopera mizere ya mphunzitsi wake kwa zaka, mphunzitsiyo n'kumaika timadontho pambali posonyeza pamene palakwika. Amisiri ankasinthasintha dzanja pa pepala limodzi, kulemba chilembo pamwamba pa chinzake mpaka pepala lonse kuda. Mapepala oterewa ali ndi dzina lawo, siyáh-mashq, kutanthauza kuyeserera kwakuda. Pokoka mzere wautali mmisiri amagwira mpweya, chifukwa kupuma kumagwedeza dzanja, ndipo inki ikagwa pamalo olakwika tsamba lonse lawonongeka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi ndi ya munthu wodekha thupi ndi mtima womwe. Wokwiya kapena wothamanga, pepala limamuulula.

Pali mitundu ingapo ya kalembedwe. Naskh ndi woongoka, wowerengeka mosavuta, wolembera mabuku. Nasta'líq ndi wa ku Persia komweko, zilembo zake zimatsetsereka ngati zolendewera. Shikastih, kutanthauza wothyoka, ndi wothamanga, zilembo zake zimalowana. Amisiri ambiri ankadziwika ndi mtundu umodzi kapena iwiri. 'Abdu'l-Bahá anachitira umboni kuti Mishkín-Qalam anali katswiri pa mitundu yonse, ndipo anamuyerekeza ndi Mír 'Imád, mmisiri wa nasta'líq amene anamwalira mu 1615 ndipo mpaka lero Aperisi amamuyesa wamkulu pa onse. Mishkín-Qalam ankathanso kulemba ndi kujambula ndi chikhadabo chokha, popanda inki, kukanikiza pepala mpaka zilembo zitatukuka.

Ulendo wa ku Adrianople

Ali ku Isfahán anamva koyamba za Chipembedzo chatsopano. Anali ndi zonse zimene mmisiri angazifune: dzina, ogula ntchito yake, ndi khomo lotseguka kwa akuluakulu a dziko. Komabe ananyamuka. Pa ulendo wake anakumana ndi okhulupirira ena, mmodzi mwa iwo Nabíl wolemba mbiri uja, amene anamufotokozera zambiri. Pomaliza anakafika ku Adrianople, mzinda wa Edirne wa ku Turkey lero, kumene Bahá'u'lláh anakhala mu ukapolo wa boma la Ottoman kuyambira 1863 mpaka 1868. Kumeneko anaonana ndi Bahá'u'lláh maso ndi maso, ndipo mtima wake unakhazikika.

Zimene anachita pambuyo pake n'zimene zikutikhudza kwambiri pa phunziro ili. Sanataye bango lake ngati chinthu cha moyo wakale. Anakhala pansi n'kuyamba kulemba Dzina Lopambana m'maonekedwe osiyanasiyana, n'kumatumiza masambawo kumadera akutali. Munthu amene ankatha kulemba chilichonse m'kalembedwe kalikonse anabwerera ku mawu ochepa omwewo, lero, mawa, ndi zaka zonse zotsala za moyo wake.

Apa tikumbukire za Asufi aja. Iye anali atazolowera kutchula dzina la Mulungu mobwereza ndi pakamwa. Tsopano dzanja linayamba kuchita zimene lilime linkachita. Tonse timadziwa kuti munthu satopa ndi dzina la amene amamukonda. Mayi amaitana mwana wake mmodzi yemweyo ndi timaina tambirimbiri, tina totalikitsa, tina tofupikitsa, ndipo kalikonse kamatuluka ndi chikondi chomwecho. Ndi mmenenso masamba a Mishkín-Qalam alili. Pena zilembo zaima mowongoka ndi mwaulemu. Pena zalembedwa kawiri moyang'anizana ngati pagalasi. Pena zapindidwa mpaka kusanduka mbalame, makamaka tambala: thupi lake ndi zilembo za Dzinalo, ndipo m'zikhadabo zake wagwira tsamba lolembedwa mawu oyera m'tizilembo ting'onoting'ono. Aliyense wa ife amadziwa ntchito ya tambala. Amalira kusanache, kuuza mudzi kuti tsiku lafika. Mmisiriyu anali atapeza njira yonenera uthenga wake ngakhale kwa munthu wosadziwa kuwerenga.

Ndende yopanda cholembera

Kuchokera ku Adrianople anatumidwa ku Constantinople, likulu la ufumu wa Ottoman, pamodzi ndi wokhulupirira mnzake Mírzá 'Alíy-i-Sayyáh. Luso lake linamutsegulira makomo a anthu otchuka, Aperisi ndi Atuluki omwe, ndipo amene ankabwera kudzasirira zilembo ankamvanso za Bahá'u'lláh, chifukwa iye sankabisa chikhulupiriro chake. Izi zinakwiyitsa a ku ofesi ya kazembe wa Persia, amene anakamuneneza kwa nduna za Sultan kuti ndi munthu wosokoneza mtendere. Mu 1868 anamangidwa pamodzi ndi anzake.

Olemba mbiri ya masiku amenewo anasunga nkhani imodzi imene imatisonyeza munthuyu bwino. M'ndendemo chimene chinamupweteka kwambiri chinali chakuti analibe cholembera ndi pepala. Anadandaula mokweza, osaleka, mpaka oyang'anira ndende anatopa naye n'kumupatsa zolembera kuti iwo apezeko mtendere. Atazilandira anakhala phee.

Nkhaniyi imaseketsa, ndipo si kulakwa kuseka. Koma tiilingalirenso. M'ndendemo munalibe nduna yoti igule tsamba, munalibe womuyamikira, ndipo sankadziwa kuti mawa amutengera kuti. Ankafuniranji bango? Kulemba kunali kutasanduka njira imene mtima wake unkapumira. Mantha, kusowa mtendere ndi kulakalaka Mbuye wake zinkafuna potulukira, ndipo potulukira pake panali pansonga ya bango. Ntchito imene imafuna kuti munthu agwire mpweya ndi kukhazika dzanja imakhazikanso maganizo. Amene amaimba akakhala pa chisoni, kapena amaluka akasowa tulo, akudziwa zimene tikunenazi.

Zaka 18 pa chilumba

Chaka chomwecho Sultan 'Abdu'l-'Azíz analamula kuti Bahá'u'lláh ndi banja Lake akatsekeredwe ku 'Akká. Mishkín-Qalam ndi anzake anachotsedwa m'ndende n'kuphatikizidwa ndi gululo ku Gallipoli, ndipo anayenda nawo panyanja. Koma lamulo linali litagawa kale anthu. Mírzá Yahyá, m'bale wa Bahá'u'lláh amene anamuukira, ankapita ku chilumba cha Cyprus, ndipo boma linasankha Abahá'í anayi kuti apite naye: Mishkín-Qalam, Sayyáh, Áqá 'Abdu'l-Ghaffár ndi Áqá Muhammad-Báqir. Pa 31 August 1868 sitima itafika ku Haifa, anayiwa analekanitsidwa ndi Bahá'u'lláh. Chisoni chake chinali chachikulu kotero kuti 'Abdu'l-Ghaffár anadziponya m'nyanja. Anamuvuula ali moyo, n'kumutumizabe ku Cyprus.

Anawatsekera mumzinda wa malinga wa Famagusta. 'Abdu'l-Ghaffár anathawa mu 1870. Sayyáh anamwalira mu 1871, Muhammad-Báqir mu 1872. Pa anayi aja Mishkín-Qalam anatsala yekha, pakati pa anthu odana ndi Iye amene iye ankamukonda. Munthu amene anasiya ulemu wa ku Tihrán kuti akhale pafupi ndi Bahá'u'lláh anapezeka ali kutsidya la nyanja, osadziwa ngati adzamuonanso.

Mu 1878 chilumbacho chinachoka m'manja mwa Atuluki n'kulowa m'manja mwa Angerezi, ndipo ukaidi wake unapepuka. Koma anachoka pa Cyprus mu 1886, patapita zaka 18 chilekanirane ku Haifa. Anafika ku 'Akká ali ndi zaka 60.

Dzanja la mmisiri wa zilembo likakhala osagwira ntchito limauma, ndipo pa msinkhu wotere ambiri limayamba kuwanjenjemera. Koma masamba amene Mishkín-Qalam analemba atafika ku 'Akká anadabwitsa onse owaona. Umenewu ndi umboni wakuti m'zaka zonse za pa chilumba bango silinachoke m'manja mwake. Tikamayang'ana Dzina Lopambana pakhoma, ndi bwino kudziwa kuti dzanja limene linalilemba linaphunzira kudekha m'masiku a kusungulumwa. Mawuwo ndi oitana, ngati a munthu woitana amene ali patali, ndipo wolembayo ankadziwa bwino kuitana koteroko.

Chodabwitsa n'chakuti zowawazi sizinamusandutse munthu wa nkhope yakugwa. Anzake ankamudziwa ngati munthu wanthabwala, wotha kuseketsa anthu ngakhale pa nthawi yovuta, ndipo 'Abdu'l-Bahá anamukumbukira ngati munthu womwetulira nthawi zonse. Nthabwalazo zimaonekanso m'ntchito yake. Munthu amene amaona tambala m'kati mwa zilembo ndi munthu amene maso ake amasewera. Ulemu ndi chimwemwe zinkakhala pa tsamba limodzi popanda kukangana.

Dzina la m'munsi mwa tsamba

Mu 1890 ku 'Akká kunafika Edward Granville Browne, mphunzitsi wa ku Cambridge wodziwa bwino Chiperisi, amene anaonananso ndi Bahá'u'lláh. Browne anaona ntchito za Mishkín-Qalam ndipo anazitama kwambiri. Anaonanso chinthu china. Aperisi a mitundu yonse akadazifunafuna ntchitozi, koma chinkawabweza ndi dzina limene linali m'munsi mwake.

Amisiri a ku Persia ankalemba maina awo m'munsi mwa ntchito zawo, ndipo dzinalo ndilo linkakweza mtengo wa tsamba. Mishkín-Qalam ankasaina ndi timizere tiwiri ta ndakatulo. Ankavomereza mosabisa kuti m'dziko la zilembo iye ndi mfumu, kenako n'kudzitchula kuti ndi kapolo wa pakhomo la Bahá. Pa nthawi imeneyo ku Persia munthu wopezeka ndi pepala lotchula Bahá'u'lláh ankatha kumangidwa, kulandidwa katundu, ngakhale kuphedwa. Choncho mawu ochepawo anamutsekera msika waukulu. Akadangolemba dzina limene Sháh anamupatsa, masamba ake akadalowa m'nyumba za anthu achuma. Iye anasankha kulemba zonse ziwiri.

Pali zinthu ziwiri zoti tione apa. Choyamba, sanadzichepetse monyenga. Ankadziwa kuti ndi katswiri ndipo ananena choncho. Nthawi zina timaganiza kuti kudzichepetsa ndi kukana mphatso imene tili nayo, mpaka woimba bwino amabisala kumbuyo ndipo wojambula amabisa kope lake. Mishkín-Qalam anavomereza mphatso yake yonse, kenako anaiika pakhomo la Mwini wake. Chachiwiri, chisankhochi sanachichite kamodzi. Tsamba lililonse likatha, funso lomwelo linkabwerera, ndipo ankaliyankha chimodzimodzi.

Zaka zomaliza

Anakhala ku 'Akká mpaka Bahá'u'lláh atakwera kumwamba mu 1892, ndipo anakhala wokhulupirika ku Pangano, womvera 'Abdu'l-Bahá. Pambuyo pake anayenda ku Egypt, ku Damascus ndi ku India.

Ku Bombay kunali makina osindikizira mabuku pogwiritsa ntchito mwala. Mlembi ankalemba tsamba lonse pamanja ndi inki yamafuta, zolembazo n'kuzisamutsira pamwala wosalala, ndipo mwalawo unkadinda masamba ambiri ofanana ndendende ndi dzanja la mlembiyo. Mwa njira imeneyi Kitáb-i-Íqán, Buku la Chitsimikizo, linasindikizidwa ku Bombay mu 1893 m'dzanja la Mishkín-Qalam. Iyi inali ntchito yosiyana ndi ya atambala ija. Kukopera buku lonse kumafuna kuti mmisiri abise luso lake lodabwitsa, alembe mzere ndi mzere mofanana, osalumpha liwu, osawonjezera kanthu, kuti wowerenga aone mawuwo n'kuiwala wolemba. Iye anachita ntchito zonse ziwirizi ndi mtima umodzi.

Atakalamba ndi kufooka ku India, 'Abdu'l-Bahá anamva ndipo anamuitanitsa. Anabwerera ku Dziko Loyera mu 1905, nakhala komweko mpaka imfa yake mu 1912, ali ndi zaka 86, pamene 'Abdu'l-Bahá anali pa ulendo Wake wa ku maiko a azungu. Patapita nthawi 'Abdu'l-Bahá anafotokoza za moyo wake m'nkhani zimene zinasonkhanitsidwa m'buku la Memorials of the Faithful, ndipo Mtetezi wa Chipembedzo, Shoghi Effendi, anamuwerengera pakati pa Atumwi 19 a Bahá'u'lláh.

Zimene tingatengepo

Bahá'u'lláh anatiphunzitsa kuti ntchito ya manja ndi luso, zikachitika ndi mtima wotumikira, zimawerengedwa ngati kupembedza. M'magulu athu ophunzira timaimba, timachita masewero, timajambula ndi ana. Nthawi zina timaziona ngati zongopumulira pakati pa maphunziro enieni, ndiye timazikonzekera mothamanga. Moyo wa Mishkín-Qalam ukutifunsa ngati tingapereke kwa Mulungu nyimbo imene sitinaiyeserere, pamene iye ankadetsa mapepala ambiri kuti mzere umodzi uwongoke.

Ukutiuzanso kuti sitiyenera kudikira kuti mtima ukhale pabwino tisanayambe. Iye analemba ali wosangalala ku Adrianople, ali wamantha m'ndende, ali wosungulumwa ku Famagusta, ndiponso ali wokalamba ku India. Pakati pathu pali ena amene anasiya kuimba chimwalirire wokondedwa wawo, ndi achinyamata amene anasiya kujambula chifukwa palibe wogula. Gulu lathu lingakhale malo amene bango lawo libwezedwa m'manja mwawo.

Zoti tikambirane

1. Kodi n'chifukwa chiyani kusowa cholembera kunamupweteka kwambiri Mishkín-Qalam m'ndende? Nanga ife tili ndi ntchito ya manja kapena ya mawu imene imatikhazika mtima tikavutika?

2. Iye ankadzitchula mfumu ya zilembo komanso kapolo wa pakhomo. Kodi munthu angavomereze bwanji luso lake popanda kudzikuza?

3. Dzina la m'munsi mwa tsamba linamutayitsa ogula ambiri. Kodi amisiri ndi oimba a kwathu kuno amakumana ndi zisankho zotani zofanana ndi chimenechi?

4. Ndi maluso ati amene ali m'mudzi kapena m'dera lathu amene sitinawapatsebe malo pa misonkhano yathu ya mapemphero ndi m'makalasi a ana?

Ntchito ya sabata ino

Aliyense apeze bango louma kapena kansungwi, aliseme ndi kudula nsonga mopendeketsa. Tisankhe liwu limodzi la Chichewa, monga umodzi, chilungamo kapena chikondi, n'kulilemba tsiku lililonse mpaka tidzakumanenso. Dzina Lopambana tisaliyeserere pa mapepala otaya, chifukwa liyenera kusungidwa mwaulemu. Pobwera tidzatenge tsamba loyamba ndi lomaliza, kuti tidzaone limodzi zimene dzanja laphunzira.